Mbumba za Mitengo ya Bulugamu

Palibe mwana wa sukulu m'Malawi amene sadziwa mtengo wa bulugamu. Umapezeka m'mbali mwa misewu, m'malire a minda, kuzungulira masukulu ndi matchalitchi, ndiponso m'minda ikuluikulu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene nkhuni zake zimaumitsa masamba a tiyi. Ndiwo umasanduka nsichi ndi phaso la nyumba, mapolo a magetsi, ndi nkhuni zowotchera njerwa ndi kuumitsira fodya. Pokhala wozolowereka chotere, anthu ambiri amauyesa mtengo umodzi, monga momwe mlambe uliri umodzi. Koma zoona zake n'zakuti dzina limodzili laphimba mitundu ya mitengo yoposa 800, yosiyana msinkhu, makungwa, maluwa ndi malo amene imakonda. Ina ndi zitsamba zosapitirira denga la nyumba. Pamene mtengo wina wa pachilumba cha Tasmania unayesedwa nupezeka kuti ukufika mamita 100.

Mphunzitsi wa kupulayimale ayenera kuzidziwa zimenezi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, iye ndiye amatsogolera ana pantchito ya nazale ndi pa nyengo yodzala mitengo; ndipo sukulu ikadzala mtundu wokonda mvula pamalo otentha ndi ouma, thukuta la ana limapita pachabe. Chachiwiri, bulugamu ndi chitsanzo chabwino chophunzitsira momwe akatswiri a zomera amadziwira chibale cha mitengo, pakuti zonse zofunika kuziona zili pabwalo la sukulu pomwepo, zosalira ndalama.

Mawu atatu ofunika

Mawu akuti "mtundu" amasenza katundu wolemera m'Chichewa. Pali mtundu wa anthu, mtundu wa chimanga, ngakhalenso mtundu wa nsalu, kutanthauza ngati ili yofiira kapena yobiriwira. Pokamba za chibale cha zomera mawu amodziwa sakwanira, pakuti akatswiri amaika zomera m'magulu aang'ono okhala m'kati mwa magulu aakulu. Chifukwa chake m'nkhani ino muli mawu atatu. "Mtundu" ndilo gulu laling'ono, la zomera zofanana m'zonse zofunika, zimene mbewu zake zimabala zinzake zonga izo zomwe. Pa Chingerezi amati species. "Mbumba" ndi mitundu ingapo yochokera kwa kholo limodzi, monga momwe pamudzi mbumba iliri ana ndi adzukulu a mayi mmodzi. Iyi ndiyo genus. "Fuko" ndi mbumba zambiri zapachibale, ndilo limene mabuku a Chingerezi amalitcha family.

M'chaka cha 1753 Carl Linnaeus wa ku Sweden anatulutsa buku lotchedwa Species Plantarum, m'mene anapatsa chomera chilichonse mayina awiri a Chilatini. Loyamba ndi la mbumba, ndipo ntchito yake ifanana ndi ya mfunda kapena chiwongo, monga Banda kapena Phiri. Lachiwiri ndi la mtundu. Motero Eucalyptus grandis ndi Eucalyptus saligna ndi mitundu iwiri ya mbumba imodzi. Polemba, dzina la mbumba limayamba ndi chilembo chachikulu, la mtundu ndi chaching'ono. Palinso lamulo lakuti chomera chikapezeka kuti chinatchulidwa kawiri, dzina limene linayamba kulembedwa moyenera ndilo limakhala.

Abale a bulugamu

Bulugamu ndi wa fuko lotchedwa Myrtaceae, ndipo abale ake ena ndi odziwika ndithu. Gwafa, amene kwawo ndi kumaiko otentha a ku America, ndi wa fuko lomweli; chimodzimodzinso katope kapena nyowe, mtengo wa konkuno womera m'mphepete mwa mitsinje ndi m'madambo. Munthu wongoona patali sangavomere kuti gwafa wamfupiyo ndi bulugamu wamtaliyo ndi apachibale. Koma akafikisa masamba awo m'manja, onse amatulutsa fungo, chifukwa m'masambamo muli timatumba ta mafuta. Pa tsamba la bulugamu timeneti timaoneka ngati timadontho toyera tsambalo likayang'anitsidwa kudzuwa. Maluwa awonso ndi amodzimodzi m'kapangidwe: kukongola kwake kuli pa timaulusi tambirimbiri tokhala ngati mphonje, tosenza mungu kunsonga kwake. Kusiyana kwakukulu kuli pa chipatso. Cha gwafa ndi cha katope n'chofewa, chodyedwa ndi anthu ndi mbalame. Cha bulugamu n'chouma, cholimba ngati thabwa, chonga kachikho, ndipo chikakhwima chimatsegula timano take pamwamba kuti mbewu zitayike.

Kwawo kwa mtengowu ndi chiyambi cha dzina lake

Kwawo kwa bulugamu ndi ku Australia, kumene mitengoyi ndiyo yochuluka m'nkhalango monga ichulukira mitengo ya mombo m'nkhalango za kuno. Mitundu yowerengeka yokha ndiyo imamera yokha kunja kwa dzikolo: Eucalyptus urophylla ku Timor ndi zilumba zoyandikana nacho, ndi Eucalyptus deglupta amene amafika ku New Guinea mpaka ku Mindanao m'dziko la Philippines. Eni nthaka a ku Australia anali ndi mayina awoawo a mitengoyi kalekale, ndipo ena, monga jarrah, karri, marri ndi coolibah, analowa m'Chingerezi nakhala momwemo kufikira lero. Izi sizodabwitsa ayi. Anthu amasiyanitsa bwino mitengo imene makolo awo anakhala nayo, monga Chichewa chisiyanitsira mombo, msuku, muwanga ndi naphini. Bulugamu ali ndi dzina limodzi m'Chichewa chifukwa ndi mlendo, ndipo alendo ochokera kutali amaoneka ngati a nkhope imodzi kufikira atazolowereka.

Akatswiri a ku Ulaya anayamba kusonkhanitsa nthambi za mitengoyi mu 1770, pamene Joseph Banks ndi Daniel Solander anafika ku Botany Bay m'chombo cha James Cook. Mu 1777, paulendo wachitatu wa Cook, David Nelson anathyola nthambi ina pachilumba cha Bruny, kufupi ndi Tasmania. Nthambiyo inafika ku London, ndipo Mfalansa wina, Charles-Louis L'Héritier, ataipenda anaona chinthu chachilendo pa maluwa ake osamasula. Maluwa a zomera zina zambiri amamasula mwa kutambasula timasamba tawo tokongola. Koma pa mtengo uwu timasambato tinamatirana n'kusanduka kachisoti kovundikira duwa lonse, ndipo nthawi ikakwana timaulusi ta m'kati timakakankha kachisotiko n'kugwa pansi. Tsono iye anatenga mawu awiri a Chigiriki, eu, ndiko kuti "bwino", ndi kalyptos, ndiko kuti "chovundikiridwa", napanga dzina lakuti Eucalyptus, limene linatuluka m'buku mu 1789. Mtundu woyambawo anautcha Eucalyptus obliqua, chifukwa mbali ziwiri za tsamba lake sizilingana patsinde. Kachisoti kameneka ndiko chizindikiro chachikulu cha mitengoyi, ndipo pansi pa bulugamu amene akuchita maluwa tizisoti timeneti timapezeka titangoti mbwee.

Mayina osokeretsa

Dzina lakuti bulugamu linabwerekedwa ku mawu a Chingerezi akuti blue gum, monganso dzina la Chiafrikaans lakuti bloekom. Mawu akuti gum amanena utomoni wofiira umene umatuluka pamene mtengo wavulala, nuuma ngati magazi. Mawu akuti blue amanena maonekedwe otuwira, obiriwira ngati thambo, a masamba aang'ono kapena a khungwa la mitundu ina. Ku Australia dzina lakuti blue gum ndi la mitundu yochepa chabe, makamaka Eucalyptus globulus wa ku Tasmania ndi Eucalyptus saligna wa kufupi ndi Sydney; koma litaoloka nyanja linakula n'kuphimba mitundu yonse.

Utomoni si umboni wa chibale. Ku America kuli mitengo yotchedwa sweet gum ndi black gum imene ilibe ubale uliwonse ndi bulugamu. Mlombwa nawo umatuluka utomoni wofiira ukatemedwa, ndipo pa Chingerezi umatchedwa bloodwood, dzina lomwe ku Australia amaitanira gulu lina la bulugamu. Komatu mlombwa ndi wa fuko la nyemba ndi nandolo. Anthu awiri angathe kudziwika ndi dzina limodzi lopatsidwa pabwalo chifukwa onse ndi aatali, osakhala a mimba imodzi. Ndicho chifukwa chake akatswiri sadalira mayina a tsiku ndi tsiku, ngakhale ali okoma m'kamwa.

Njira zoyamba zogawira mitengoyi

Azungu amene anakhala ku Australia ankasiyanitsa mitengoyi poona makungwa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1850 Ferdinand von Mueller, katswiri wa zomera wa boma ku Melbourne, anailemba njirayi mwadongosolo. Pali mitengo ya khungwa losalala, limene limafundula chaka ndi chaka n'kusiya thunthu loyera kapena lamawangamawanga. Pali ya khungwa la luzi lalitali lonyendeka. Pali ya khungwa lakuda, lolimba, la ming'alu yakuya, lokhuta utomoni. Palinso ya khungwa long'ambika timabwalotimabwalo ngati msana wa ng'ona. Njirayi ndi yothandiza kwa munthu woyenda m'nkhalango, ndipo ikugwirabe ntchito. Cholakwika chake n'chakuti khungwa lili ngati chovala: mitengo yotalikirana kwambiri pa chibale imatha kuvala khungwa losalala lofanana, pamene abale enieni amavala mosiyana.

George Bentham, amene ankagwira ntchito ku Kew ku England ndi nthambi zouma zotumizidwa kuchokera ku Australia, analibe mwayi woona makungwa. Iye anayang'ana timitu tosunga mungu tili kunsonga kwa timaulusi ta duwa, naona kuti tina n'tonga impso, tina n'totalikirapo, tina timatsegukira m'mbali, tina kunsonga. Mu 1867, m'buku lachitatu la Flora Australiensis, anagawa mitengoyi potsata timituti. Joseph Maiden wa ku Sydney anaipitiriza ntchitoyi m'mabuku asanu ndi atatu amene anatuluka kuyambira 1903 mpaka 1933, omaliza iye atamwalira kale. Ndipo William Blakely, amene ankamuthandiza, anatulutsa mu 1934 buku lozindikirira mitundu limene linatumikira anthu a zankhalango zaka zambiri.

Chinthu china chimene chinavutitsa ofufuza oyambawo ndi masamba. Mitengo yambiri ya bulugamu imasintha masamba ikamakula. Mbande ya Eucalyptus globulus ili ndi masamba aafupi, otambalala, otuwa ngati awazidwa ufa, okhala awiriawiri moyang'anizana pa kanthambi ka ngodya zinayi. Mtengo womwewo ukakula umabala masamba aatali, obiriwira kwambiri, opindika ngati chikwakwa, olendewera pansi, okhala limodzilimodzi mosinthana. Wosadziwa angalumbire kuti ndi mitengo iwiri. Koma pambuyo pake kunaoneka kuti masamba aubwanawo ndi mboni yabwino ya chibale, kotero kuti lero palibe katswiri amene amafotokoza mtundu osatchula masamba a mbande zake.

Mu 1971 Lindsay Pryor ndi Lawrie Johnson anasiya kudalira chizindikiro chimodzi. Iwo anaphatikiza umboni wa tizisoti, timitu ta mungu, mbewu, masamba a mbande, ndiponso ngati mitundu iwiri ingathe kuberekerana, nagawa mitengo yonse m'magulu akuluakulu angapo. Magawidwe a masiku ano aima pa maziko amene iwo anaika.

Mbumba imodzi kapena zingapo

Pali mitengo ina ya kum'mawa kwa Australia, mitundu pafupifupi 10, imene Antonio José Cavanilles wa ku Spain anaipatsa dzina la mbumba lakuti Angophora mu 1797. Patali imaoneka ngati bulugamu, koma duwa lake lilibe kachisoti: timasamba take n'tosamatirana. Masamba ake amakhala awiriawiri moyang'anizana ngakhale mtengo utakula, ndipo chipatso chake chili ndi nthiti. Chifukwa chosowa kachisoti, kwa zaka pafupifupi 200 Angophora ankayesedwa msuweni chabe, wokhala kunja kwa mbumba ya Eucalyptus.

Koma m'kati mwa Eucalyptus momwemo munali gulu lina la mitundu pafupifupi 100 lokhala ndi makhalidwe akeake. Maluwa ake amabwera m'matsango aakulu kunsonga kwa nthambi, kunja kwa masamba, kotero kuti mtengo umaonekera patali ukachita maluwa. Zipatso zake n'zonga kamtsuko ka khosi. Ndipo timitsempha ta masamba ake n'tothithikana, toyenda mondondozana. Kafukufuku wa kapangidwe ka mitengoyi, ndipo kenaka wa DNA, ndiko kuti malangizo a chibadwa olembedwa m'kati mwa chamoyo chilichonse, anasonyeza kuti gululi, ngakhale lili ndi kachisoti, ndi lapachibale kwambiri ndi Angophora wopanda kachisotiyo koposa ndi mitundu ina ya Eucalyptus.

Apa ndipo panabuka mlandu. Akatswiri a masiku ano amagwirizana kuti mbumba iyenera kukhala ndi ana onse a kholo limodzi, osasiyako ena. Pamudzi sikutheka kuwerengera munthu m'mbumba n'kumusiya kunja m'bale wake wa bere limodzi. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Tsono panali njira ziwiri zokha: kulowetsa Angophora m'mbumba ya Eucalyptus, kapena kutulutsamo gulu lija. Mu 1995 Ken Hill ndi Lawrie Johnson anasankha njira yachiwiri, nalipatsa gululo dzina lakuti Corymbia, potsata matsango a maluwa ake. Mu 2000 Ian Brooker anasankha njira yoyamba, naika zonse pansi pa Eucalyptus. Kwa zaka zotsatira ambiri anatsata Hill ndi Johnson, nawerenga mbumba zitatu: Eucalyptus ya mitundu yoposa 700, Corymbia, ndi Angophora. Mu 2024 akatswiri ena anapatulanso gawo lina la Corymbia nalitcha Blakella, pamene ena akulimbikira kuti dzina limodzi la Eucalyptus likwanire zonse, kuti mayina asamangosinthasintha.

Mlanduwu umafika ndithu pabwalo la sukulu. Bulugamu wa fungo la mandimu, amene amadzalidwa m'matauni ndi m'mamishoni, amapezeka m'mabuku akale a zankhalango ndi dzina lakuti Eucalyptus citriodora, m'mabuku a pambuyo pa 1995 ndi lakuti Corymbia citriodora, ndipo m'zolemba zina zatsopano ndi lakuti Blakella citriodora. Mwana wochenjera akafunsa chifukwa chake, mphunzitsi asayankhe kuti buku lina linanama. Mtengo sunasinthe, chasintha ndi chidziwitso cha anthu pa za makolo ake. Ndipo akatswiriwo sakutsutsana kwenikweni za amene ali m'bale wa yani; akutsutsana za pamene malire a mbumba ayenera kudutsa.

Magulu a m'kati mwa Eucalyptus

Mbumba ya Eucalyptus ili ndi magulu awiri aakulu koposa ena. Loyamba lili ndi kachisoti kamodzi pa duwa. M'menemo muli Eucalyptus obliqua uja, jarrah, ndi Eucalyptus regnans, mtundu wa mtengo wa mamita 100 wa ku Tasmania. Lachiwiri, lotchedwa Symphyomyrtus, ndilo lalikulu, la mitundu mazana angapo, ndipo lili ndi tizisoti tiwiri, kena pamwamba pa kanzake. Pa mitundu yambiri kakunjako kamagwa duwa likadali laling'ono, n'kusiya chipsera chozungulira ngati mphete, chimene diso lakuthwa lingathe kuchiona. Mitundu yambiri yodzalidwa m'maiko a Africa, Asia ndi South America ndi ya gulu lachiwirili.

Kugawa kumeneku kuli ndi phindu lenileni. Mitundu ya magulu awiri osiyana siberekerana, koma ya gulu limodzi yoyandikana pa chibale imatha kutero. Pozindikira zimenezi, anthu a zankhalango anakwatitsa Eucalyptus grandis wokula msanga ndi Eucalyptus camaldulensis wopirira chilala, ndiponso grandis ndi urophylla wopirira matenda, napeza mitengo ya haibulidi imene ikudzalidwa kwambiri kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Monga zikhalira ndi chimanga cha haibulidi, mbewu zotola pansi pa mitengo yotere sizibala ana ofanana ndi mayi wawo. Chifukwa chake imachulukitsidwa mwa kudzala timitengo todula. Ngakhale tizilombo timatsata chibale: kachirombo kena koyamwa masamba, kamene kamadzimangira kachigoba koyera ngati shuga pa tsamba, kamakonda camaldulensis ndi tereticornis, amene ndi abale apafupi, koposa grandis.

Mitundu yopezeka kawirikawiri kuno

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ukhoza pa ntchito yozindikira bulugamu, pakuti zizindikiro zodalirika ndi zazing'ono: duwa losamasula ndi chipatso.

Eucalyptus grandis, ndiko kuti "wamkulu", ndi mtengo wowongoka ngati muvi, wa thunthu losalala loyera, koma wokhala ndi khungwa lokhakhala patsinde ngati wavala sokosi. Maluwa ake amakhala asanu ndi awiri kapena kuposerapo pa kaphata kamodzi. Chipatso chake n'chotuwira, ndipo timano take tinayi kapena tisanu timapindikira m'kati. Umafuna mvula yambiri ndi dothi lakuya, ndiwo wochuluka m'minda ya tiyi ndi m'nkhalango zodzalidwa za ku Copperbelt m'Zambia. Eucalyptus saligna amafanana nawo kwambiri, kotero kuti kum'mwera kwa Africa mitengo yambiri ya grandis inkatchedwa saligna kwa zaka zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti timano ta saligna n'toonda, toimirira kapena topindikira kunja.

Eucalyptus camaldulensis ndiye wofala koposa onse ku Australia, kumene amatsata mitsinje ngakhale m'chipululu. Dzina lake ndi la malo a ku Italy: Friedrich Dehnhardt anaufotokoza mu 1832 poona mtengo wodzalidwa m'munda wa ku Camaldoli, kufupi ndi Naples. Kwa nthawi yaitali unkadziwika ndi dzina lina, rostrata, kufikira dzina la 1832 lija litabwezeretsedwa. Thunthu lake nthawi zambiri ndi lokhota, lamawanga oyera, otuwa ndi ofiirira. Mkati mwake n'mofiira. Kachisoti kake kawirikawiri kamathera ndi kansonga konga mlomo wa mbalame, chipatso chake n'chaching'ono cha timano totulukira kunja, ndipo mbewu zake n'zachikasu. Umapirira kutentha ndi chilala, motero ndiwo woyenera malo otsika monga kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja. M'bale wake, Eucalyptus tereticornis, amadziwika ndi kachisoti kakatali konga nyanga, kotalika koposa kachikho kamene kavundikira, ndipo mbewu zake n'zakuda.

Bulugamu wa mandimu savuta: tsamba lake likafikisidwa fungo limanena lokha. Thunthu lake n'losalala kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo chipatso chake chonga kamtsuko chimaulula kuti ndi wa mbumba ina. Pomaliza pali Eucalyptus globulus, mwini dzina la blue gum, amene duwa lake ndi lalikulu, lanjerenjere, lokhala lokha pa phata la tsamba, ndipo chipatso chake chifanana ndi batani lalikulu la jasi. Iye amakonda malo ozizira, monga mapiri a ku Ethiopia ndi dziko la Portugal. Motero kawirikawiri mtengo umene ana a sukulu amautcha bulugamu si iye amene dzinalo linachokerako.

Ntchito ya mphunzitsi

Phunziroli limakoma likachitikira panja. Ana agawidwe m'magulu, gulu lililonse lipatsidwe mtengo wake, ndipo litenge zinthu zisanu kuchokera pa mtengo womwewo: maluwa osamasula, zipatso zokhwima, masamba aakulu, masamba a mphukira za pachitsa ngati zilipo, ndi kachidutswa ka khungwa lofunduka. Mphunzitsi achenjeze ana kuti zipatso zotola pansi zingathe kukhala za mtengo woyandikana nawo, ndiponso kuti asakwere mitengoyi, pakuti nthambi zake zimathyoka mosachenjeza. Masamba ndi maluwa aikidwe pakati pa nyuzipepala zakale n'kupsinjidwa ndi njerwa kufikira atauma. Kenaka amatidwe pa pepala lolimba, polembapo malo, tsiku, msinkhu wa mtengo ndi maonekedwe a khungwa lake. Ana ajambule kachisoti ndi timano ta chipatso mokulitsa, chifukwa dzanja likamajambula diso limaona zimene likanazidumpha.

Zipatso zokhwima zikaikidwa m'thumba la pepala padzuwa masiku ochepa, timano timatseguka ndipo mumatuluka tinthu tambiri ngati fumbi. Ana adziwe kuti zambiri mwa izo ndi mankhusu chabe, mbewu zenizeni n'zochepa. Koma mbewu zochepazo zimakwanira nazale ya sukulu. Mtengo wovuta kuuzindikira ungathe kufunsidwa kwa mlangizi wa zankhalango wa m'deralo, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium, kumene amasunga zomera zouma za dziko lonse zoyerekezera. Asanadzale, mphunzitsi afunse dzina lenileni la mbande zimene wapatsidwa, aone ngati mtunduwo ugwirizana ndi mvula ndi dothi la pamalopo. Ndipo mtundu uliwonse udzalidwe kutali ndi zitsime, madambo ndi minda ya chimanga, popeza bulugamu amamwa madzi ambiri ndipo mizu yake imalanda chakudya cha mbewu zoyandikana naye.

Pa mbali ya chiyankhulo palinso ntchito. Bulugamu atafika ku Addis Ababa m'zaka za m'ma 1890, m'masiku a mfumu Menelik II, anthu a kumeneko anamutcha "mtengo wa kutsidya la nyanja", ndipo anasiyanitsa woyera, ndiye globulus, ndi wofiira, ndiye camaldulensis. Chichewa nacho chingathe kutero popanda kubwereka mawu. Ana amene aona ndi maso awo kachisoti konga nyanga, kachisoti konga mlomo wa mbalame, thunthu lovala sokosi ndi tsamba la fungo la mandimu, sadzavutika kunena kuti uyu ndi bulugamu wanyanga, uyu wofiira, uyu woyera, uyu wamandimu. Mayina amenewa alembedwe pa timatabwa pamodzi ndi a Chilatini, ndipo timatabwato tipachikidwe pa mitengo ya pasukulu ndi chingwe chomasuka, osati ndi msomali, kuti thunthu likamakula lisavulale.